Ofesi ya Chifalansa pa Khonde Langa

Lolemba

Felista wanga ali pakhomo! Zaka zinayi ku yunivesite ku Zomba, watulukako ndi digiri ya Chifalansa. Ine ndinaphunzitsa Sitandade 4 mpaka kupuma, koma Chingerezi changa chimathera pa kalata yopempha tchuthi. Mwanayu akulankhula chinenero chachitatu ngati akumwa thobwa.

Vuto lilipo limodzi. M'chikwama mwake muli kalata yoti akaphunzitse ku sekondale ina ku Karonga, anyamuke Lamulungu likubwerali. Karonga! Masiku awiri pa basi. Ndili ndi sabata imodzi yomuonetsa kuti ntchito ya Chifalansa ilipo konkuno ku Mtakataka.

Zochita lero:
1. Kulemba thabwa: PANO TIMAMASULIRA CHIFALANSA.
2. Tebulo ndi mipando iwiri pakhonde.
3. Kupachika digiri poti wodutsa mumsewu aione.
4. Kuuza akatekisiti afalitse uthenga.

Amake akuti, "Mwanayo mwamufunsa?" Kumufunsa chiyani? Mwiniwake akungoseka, ndipo ndiye wandigwirira thabwa pokhoma.

Lachiwiri

Kasitomala woyamba! A Jafali, eni chigayo cha kumsika. Injini yawo yakana masiku khumi, amayi akusenza chimanga mpaka ku Golomoti. Abwera ndi buku la injiniyo, lakuda ndi oyilo.

Felista watsegula, wati, "Ababa, ichi n'Chijeremani."

Ine ndimayesa azungu onse amamvana ndithu, monga ife ndi Asena, bola kutchera khutu. Ayi, akuti n'zosiyana ngati mbuzi ndi bakha.

Koma taonani mwana wophunzira! Sawabweza. Wavala chitenje, watsagana nawo kuchigayo, ine pambuyo. Akuyang'ana zithunzi za m'bukumo, akuyang'ana injini, akuwerenga manambala ndi chala. Wapeza kabawuti kotulutsira mpweya m'paipi ya dizilo. A Jafali amasula, amanganso, apukusa. Chigayo chalira!

Tsopano akuuza msika wonse kuti, "Wallahi, chigayo changa chadzuka ndi Chifalansa!" Sindikuwatsutsa.

Lachitatu

M'mawa wonse palibe munthu. Ndasuntha tebulo kawiri.

Masana kwabwera mayi wina, dzina lake Luwiza, mmodzi mwa othawa nkhondo ku Mozambique. Wamasula mfundo ya chitenje, watulutsa kalata yopindapinda. Akuti waisunga miyezi itatu osapatsa aliyense, kuopa kuti ikunena za imfa ya mwamuna wake.

Chipwitikizi. Mtima wanga wagwa. Koma Felista akuti Chipwitikizi ndi Chifalansa n'zapachibale, ayesa. Wakhala pamphasa pafupi ndi mayiyo, osati pampando. Akuwerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedera, akubwerera m'mbuyo, akuyambanso.

Kenaka: "Mayi, zonse sindinazimve, ndisakunamizeni. Koma izi ndazimva bwino. Ali moyo. Ali ku Beira. Anavulala mwendo koma akuyenda. Akufunsa za ana."

Mayiyo waluluta, kenaka walira, amake Felista nawonso alira. Ine ndapita kukaona mbuzi kukhola, ndakhalako nthawi ndithu.

Pathabwa ndawonjezera: NDI CHIPWITIKIZI PANG'ONO.

Chifalansa chenicheni sichinafikebe.

Lachinayi

Lero ndiye lero. Ku Mua kuli bambo mfumu wina wokalamba amene anabadwira ku Falansa kwenikweniko. Ndavala jekete. Njinga ziwiri, yanga ndi yobwereka. Dzuwa la m'chigwa muno, jekete lanyowa tisanafike pamphambano.

Tawapeza pakhonde akusoka nsapato yawo. Felista wagwada, wawapatsa moni m'Chifalansa. Mawu ake! Osalala, osapunthwa paliponse. Ndayang'ana uku ndi uku kuti ndione ngati anthu akumva. Kunali nkhuku zokha.

Bambo mfumu ayankha m'Chichewa: "Mwana wanga, Chifalansa changa chinadyedwa ndi chiswe kalekale. Lankhulanso, koma pang'onopang'ono."

Walankhulanso. Atseka maso. Ayamba kuyankha, liwu limodzi, awiri, kenaka mtsinje wasefukira. Aseka mpaka kutsokomola. Pena aima, akufunafuna mawu, Felista wawapatsa, amenya bondo ndi dzanja. Akuti Felista akulankhula ngati malemu mlongo wawo amene anali mphunzitsi.

Ndatsokomola, ndafunsa za ntchito yomasulira pamishoni.

"Aphunzitsi, amasulire za yani? Tonse pano timalankhula Chichewa."

Zoonadi. Chichewa chawo n'chakuya moti mawu amodzi sindinawamve. Ndafunsa Felista pobwerera, wandimasulira.

Lachisanu

Ndasintha nzeru: sukulu ya Chifalansa pansi pa mango, 2 koloko. Abwera anthu khumi ndi mmodzi!

Zimene akufuna:
akatekisiti, Chilatini cha m'Misa yakale;
anyamata awiri a pa siteshoni ya sitima, mawu ofunsira mbeta;
a Nachisale ogulitsa mpunga, mthunzi basi;
a Jafali, buku lina, la wailesi. Chijapani.

Felista akuphunzitsa ngati anabadwa ndi choko m'manja. Satukwana, sakuwa, dzina la aliyense waligwira kamodzi. Ine ndinkatenga temu yathunthu.

Koma mawu otulukira m'mphuno aja avuta. A Nachisale akuti, "Mwanayu ali ndi chimfine, m'patseni ndimu." Pofika pa kuwerenga, Felista wati makumi asanu ndi atatu Afalansa amati makumi awiri kanayi. Phokoso! "Anthu amenewo mbuzi zawo amaziwerenga bwanji?" Kenaka chigayo chalira kumsika, amayi onse anyamuka ndi madengu awo, a Jafali patsogolo. Sitima yaimba, anyamata athamanga. Akatekisiti ali ndi kwaya.

Wotsala: ine. Wandiphunzitsa ndekha mpaka dzuwa kupendeka. Akuti ndili ndi khutu labwino. Ine! Mawu asanu ndi awiri ndawagwira, anayi ndawaiwala kale.

Loweruka

Thabwa palibe. Amake atsekera nalo chibowo cha khola la nkhunda. Akuti likukwana bwino.

Ndakonzeka kukwiya, koma Felista wabwera ndi tiyi, wakhala pansi pafupi ndi mpando wanga.

"Ababa, ku Karongako ana akhala chaka chonse opanda mphunzitsi wa Chifalansa, mayeso ali pafupi. Inuyo atakutumizani ku Kasungu muli mnyamata, agogo sanalire? Munakhala?"

Sindinakhale. Ndani anamuuza zimenezi? Amake akupeta mpunga, sakundiyang'ana.

Ndamupatsa:
rula yanga yamatabwa;
cholembera chofiira, chatsopano;
malangizo: tsiku loyamba usaseke, ukhale bwino ndi mlonda wa sukulu, mwana wakumbuyo kwenikweni ndiye uyambe kumudziwa.

Walemba malangizo onse atatu m'kope mwake. Munthu wa digiri kulemba mawu anga!

Nsapato zake ndapolisha ndekha.

Lamulungu

Misa yoyamba, kenaka kumsewu. Katundu: sutikesi, katoni ya mabuku yolemera ngati mwala, mpunga wa a Nachisale, nkhuku yootcha. Operekeza achuluka kuposa amene ndinawaitana. Ndinaitana amake okha.

Basi yachedwa, ndayamba kuyembekeza kuti mwina yafera ku Balaka. Yafika.

Chabwino. Mtakataka ilibe ntchito ya Chifalansa, ndavomera. Apite akaphunzitse ana a eni ake, monga ndinachitira ine.

Basi ikunyamuka, watulutsa mutu pawindo, wandiyang'ana ine, wakuwa mawu ataliatali m'Chifalansa. Si aja anandiphunzitsa. Anthu onse atembenukira kwa ine: "Aphunzitsi, wati chiyani?"

Ndakonza kolala, ndawauza kuti wati abwera pa Khirisimasi.

Chimene wanena sindikuchidziwa. Koma wachinena bwino kwambiri.