Ndowa ya ku Zengeza

Nkhani iyi mkazi wanga amaikamba paliponse, paukwati, pamaliro, ngakhale mu kombi, minibasi ija, kwa anthu osawadziwa. Ndiye ndaona kuti bola ndiikambe ndekha, chifukwa iye amathira mchere wambiri. Manyazi ake ndi anga, ndipo si ochepa ayi.

Ine kwathu ndi ku Mulanje. Zimenezi muzisunge. Kwathu madzi amatsika okha m'phiri, mpopi umatha kuchucha mwezi wathunthu popanda woudandaula. Ndinakula ndikusamba mpaka zala kuchita makwinya.

Ntchito yanga ndi yoyendetsa lole pakati pa Blantyre ndi Harare. Uko ndi kumene ndinakumana ndi Rudo, amagulitsa zakudya pafupi ndi malo otsitsira katundu. Dzina ndi lachishona koma mwini wake ndi Naphiri weniweni. Agogo ake anachoka ku Dedza kalekale kukagwira ntchito m'mafamu a fodya, osabwereranso. Chichewa amamva chonse, kungoti akapsa mtima amayankha m'Chishona.

Nthawi yokaonekera kwa makolo itakwana, ndinatenga malume anga a Chikopa n'kukwera basi. Rudo anali atandichenjeza kale pa foni.

"Bambo anga ku Unit N, ku Chitungwiza, si vuto. Vuto ndi Tete Marita, mlongo wawo wa bambo. Mukafikira kwawo ku Zengeza, ku Chitungwiza komweko. Tete akati munthu uyu ayi, ndiye kuti ayi basi. Anabwezapo kale awiri."

"Awiri ake ati?"

"Zimenezo zisiyeni. Inu mungobwera ndi khalidwe."

Khalidwe ndinali nalo. Suti ndinali nayonso.

Tinafika m'mawa, mwezi wa Okutobala, dzuwa litayamba kale kuwotcha. Fumbi la msewu wonse wa ku Mozambiki linali pa ife. Malume tsitsi lawo ndi loyera, koma tsiku limenelo linali lofiira.

Tete Marita anatilandira pageti. Mayi wathupi, wa mawu aakulu, wogulitsa masamba pamsika, maso ake aja oyang'ana munthu ngati akusankha tomato. Pakhonde panali patakhala Rudo ndi ana awiri a Tete, atsikana akuluakulu. Aliyense anali ndi thaulo paphewa. Tete nawonso thaulo paphewa. Sipanapite nthawi, malume anapatsidwa lawo.

Ine mumtima ndinati: kutentha kwa kunoku, anthu amayenda ndi chopukutira thukuta. Nzeru zabwino.

Titamwa tiyi, Tete anati: "Mwanangu, kuno mvura inavuta. Madzi. Mipope inauma kalekale, timatunga ku chibhorani, kumjigo. Koma lero ndi tsiku lalikulu, tisapite kwa achimwene tili chonchi. Madzi ali kubafa. Muyambe ndinu, ndinu mlendo."

"Zikomo kwambiri, Tete. Musadandaule, ine ndi dalaivala, ndinazolowera kuvutika."

Ndikudutsa pakhonde, Rudo anandiyang'ana mwamphamvu. Kulankhula nane pamaso pa Tete sakanatha, mwambo sulola. Ndiye anangokweza zala ziwiri, n'kuzigwedeza.

Ine ndinamwetulira n'kukwezanso zala ziwiri. Peace, mayi wanga, peace.

Anagwedezanso mwamphamvu, maso atatuzuka.

Ndinaganiza kuti akuti ndifulumire, two minutes. Ndinagwedeza mutu n'kulowa.

Bafa yake inali yabwino ndithu, ya simenti. Shawa inalipo, koma kangaude anali atamangapo nyumba. Pansi panali ndowa yaikulu yodzaza mpaka m'kamwa, madzi ofunda bwino. Pambali pake jagi ya pulasitiki. Pakati penipeni pa bafa anaikapo dishi lalikulu lachitsulo, lopanda kanthu.

Ndinayang'ana ndowa ija ndipo chisoni chinandigwira. Munthu wamkulu ngati ine, ndowa imodzi? Anthu akuvutikadi kuno. Koma ndinadziuza kuti Yohane, usadandaule, onetsa kuti ndiwe munthu wopirira.

Dishi lija linkanditchinga, ndiye ndinalinyamula n'kuliyedzamiritsa kukhoma. Ndinati wina waliiwala.

Ndinayamba ndi jagi. Yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Aaa, zochedwetsa. Ndinadzipaka sopo thupi lonse, thovu mpaka m'makutu, n'kunyamula ndowa ija ndi manja awiri. Khuthuu! Madzi anatsika ofiira ngati a m'ngalande. Ndinati ayi, fumbi ili likufuna second round. Sopo kachiwiri. Khuthuu!

Madzi anatsalako. Ndiye ndinaganiza kuti mkamwini wanzeru sapatsa anthu ntchito. Ndinachapa masokosi. Ndinachapa malaya a paulendo. Ndinachapa ndi kabudula wam'kati yemwe.

Apa ndi pamene ndinayamba kumva phokoso panja.

Kumbuyo kwa bafa kuli kapaipi kotulutsa madzi, kamathira mu kangalande kodutsa kumpanda mpaka kumsewu. Zimenezi ndinazidziwa pambuyo pake. Panthawiyo ndinangomva mayi wina kuseri kwa mpanda akukuwa:

"Mvura yadzoka! Mvura yadzoka!"

Wina analandira patsogolo. Wina patsogolo pakenso. Zitseko kumenyeka, ndowa kulira, anthu kuthamanga, ndipo mayi wina anayamba nthungululu.

Chishona changa nthawi imeneyo chinali cha pa boda, chongopemphera chidindo. Sindinadziwe kuti akuti madzi abweranso m'mipope, ndinangomva nthungululuzo. Mtima wanga unasefukira. Ndinati taonani anthu a kuno, mzere wonse wa nyumba wamva kuti mkamwini wa ku Malawi wafika! Ndinayamba kuyimba kanyimbo ka kutchalitchi, mokweza ndithu, kuti adziwe kuti ndine wopemphera.

Madzi otsala pansi pa ndowa ndinatsukira simenti, ngodya zonse, monga mwana woleredwa bwino. Ndowa ndinaivundikira kuti iume.

Ndinatuluka ndikuwala, zochapa zili pamkono.

Panja zinthu zinali zitasintha. Pamsewu panali anthu ambiri ndi ndowa, zigubu, mapoto, wina mpaka wilibala. Ena anali atatsegula mipope yawo, mipope ikungoti fyoo, mphepo yokhayokha. Kenaka onse anatsatira kangalande kaja ndi maso, kuchokera kumsewu, kudutsa kumpanda, mpaka pamapazi anga.

Pakhomo pa bafa panali mzere. Kutsogolo malume, kenaka Tete, Rudo, ndi atsikana awiri aja. Aliyense thaulo lake m'manja.

Munthu wanzeru akanazindikira pamenepa. Ine ndinaganiza kuti akudikira kundipatsa moni wachiwiri.

"Mwasamba bwino?" anafunsa Tete, mawu ali pansipansi.

"Kwambiri, Tete! Musadandaule n'komwe. Anali ochepa pang'ono, koma ndayesetsa, andikwanira."

Onse anatembenukira kwa Tete.

"Akukwanirani," anatero Tete.

"Eee. Ndachapirakonso tizovala. Ndi pansi pomwe ndakolopa."

Tete anandidutsa n'kusuzumira m'bafa. Anaona ndowa yovundikira. Anaona dishi lili chiimire kukhoma, louma ngati lachokera kusitolo. Anakhala pansi pomwepo pakhomo, thaulo n'kuliika pamutu.

"Maiwe zvangu!"

Rudo anaiwala mwambo. Anayamba m'Chishona, liwiro la kombi, kenaka anakumbukira kuti sindikumva.

"Majagi awiri! Ndinakuuzani majagi awiri! Munthu aliyense majagi awiri! Yoyamba kunyowetsa, yachiwiri kutsukuluza!"

"Ndowa ija inali ya...?"

"Ya tonse! Tete anapita ku chibhorani tambala asanalire, aima pamzere mpaka miyendo kutupa, afunditsa ndi nkhuni zogula!"

"Nanga dishi lija?"

"Mumaima m'menemo! Madzi ogwera m'dishi ndi a kutoileti! Lero kutoileti tithira chiyani, nyimbo yanu ija?"

Ndinayang'ana masokosi anga akudontha pamkono. Dontho lililonse anthu amaliperekeza ndi maso mpaka pansi.

Bambo wina wa wilibala anafunsa kanthu kuseri kwa mpanda. Mmodzi wa atsikana aja anamuyankha mwachidule, ndinangomvapo mawu akuti Malawi. Bamboyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, anapukusa mutu, n'kutembenuza wilibala yake. Khamu linabalalika mwakachetechete ngati pochoka kumanda.

Ndinati ndikonze zinthu. "Tete, ndipatseni ndowayo, ndithamangire ku chibhorani pompano."

"Mzere wa nthawi ino mukabwera dzuwa litalowa," anatero Tete osandiyang'ana. "Achimwene akudikira. Valani suti yanu."

Chimene chinachitika kenaka sindidzachiiwala. Tete anatunga kapu imodzi m'chigubu cha madzi akumwa. Ananyowetsa nsonga ya thaulo n'kupukuta kumaso, m'khosi ndi m'khwapa. Kapu inapita kwa Rudo. Inapita kwa atsikana. Malume anailandira pomaliza, muli madzi ongokwanira kunyowetsa chikope. Anadzola mafuta pamwamba pa fumbi lija, ndipo anatuluka akuoneka ngati mbatata yokazinga.

Ali m'kati momanga tayi anandinong'oneza: "Iwe, ukwati uwu ukakanika, kumudzi ubwerera wapansi. Ndipo amako ndikawauza ndekha."

Mu kombi ya ku Unit N tinadzazana monga mwa masiku onse. Kutentha kosaneneka. Mu kombi monse munthu wonunkhira sopo ndinali ine ndekha, ndipo fungo lake linkandiyalutsa. Rudo anayang'ana pawindo ulendo wonse. Ndinkadziwa kuti ndine wachitatu wobwezedwa. Ndinayamba kuwamvera chisoni anzanga awiri aja, ngakhale sindikuwadziwa.

Ku Unit N nkhani inali itafika kale, foni sichedwa. Tinalowa tikuwomba m'manja monga amachitira kumeneko, ine n'kukhala pansi pafupi ndi chitseko. M'nyumba munali modzaza abale. A Phiri, bambo ake a Rudo, anali pampando wawo, munthu wowonda, wosaseka wamba. Chichewa chawo ndi chakale chija, cha ku Dedza, chosasakaniza.

Malume ananena zimene tinabwerera, ndipo ananena bwino, ngakhale fumbi linkatsika ndi thukuta m'masaya. A Phiri anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anatembenukira kwa Tete.

"Mlongo, munthuyu wafikira kwanu. Mwamuona?"

"Ndamuona, achimwene. Zengeza yonse yamuona."

Wina anatsokomola kukhitchini.

"Ndi wotani?"

Ine ndinayang'ana simenti.

"Ndi waukhondo. Zovala amachapa yekha. Pansi amakolopa osatumidwa. Nyimbo za kutchalitchi amazidziwa." Anandiyang'ana. "Ndipo ndi wachifundo, achimwene. Lero watisambira tonse."

Palibe anaseka. Onse amadikira a Phiri. Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali, anayang'ana malume, anandiyang'ananso ine.

"Tiyambe tadya," anatero.

Yankho limenelo si inde, si ayi.

Anabweretsa mpunga ndi nkhuku. Rudo analowa ndi jagi ya madzi ndi kabeseni, anagwada kuti atisambitse m'manja. Mwambo ndi womwe uja wa kulikonse, alendo ayambe. Anasambitsa malume. Kenaka anakwawira kwa ine, ndipo ine, mutu wanga wosaphunzirawu, ndinatambasula manja onse awiri, mpaka kukwinya malaya kufika m'zigongono.

"Ayi!"

Amene anakuwa ndi Tete, atsikana awiri aja, ndi malume anga enieni.

A Phiri anakweza dzanja.

"Rudo mwana wanga, jagi ndi imodzi, ife tilipo ambiri. Yambira kuno, uzungulire uko. Mkamwini wathu asambe pomaliza."

Nyumba yonse inaphulika. Malume anaseka mpaka misozi inalemba mizere m'fumbi lija. Koma ine pa zonsezo ndinangomva mawu awiri okha, mkamwini wathu. Ndinawomba m'manja mouma momwemo, mtima uli m'malo.

Tete Marita anaimirira n'kuyimba nthungululu yaitali. Isanathe n'komwe, tinamva chitseko cha nyumba yoyandikana chikumenyeka, mayi akutuluka liwiro ndi ndowa ziwiri.

Jagi inandifika mulibe kanthu. Rudo anaigwedeza, munatuluka madontho atatu, n'kundiuza m'Chichewa chomveka bwino kuti: "Akukwanirani. Ndinu dalaivala, munazolowera kuvutika."

Pano tili ndi ana awiri. Majagi awiri ndinawaphunzira, ndimatha mpaka kutsazako wometera ndevu. Koma tikapita ku Zengeza, Tete amasambitsa kaye aliyense, ana, alendo, ndi malojala ochita lendi omwe, kenaka amandiperekeza okha mpaka pakhomo pa bafa, n'kundilozera dishi.

Ku Chitungwiza ukapatsidwa ndowa yodzaza, yamba wawerenga mathaulo.