Khoka la a Barnaba

Lolemba

Mutu ukuwawa. A Barnaba akoka khoka lawo m'bango, pamalo pomwe mudzi wonse udagwirizana kuti ndi poswera chambo, pasalowe ukonde. Dzulo m'mawa, kutayera ndithu, anthu akuona! Zaka ziwiri ndauma kukhosi kuti malo amenewa atsekedwe. Izi zikangopita chonchi, aliyense alowamo, ndipo ana athu chambo adzangochimva dzina.

Ine monga mlembi wa komiti ya asodzi ndiyenera kulemba kalata ya mlandu ku boma, ku Metangula. Koma ndikalemba ndekha, adana ndi ine ndekha.

Nzeru andipatsa apulofesolo a kusukulu. Akuti ku Amereka, mlandu waukulu usanapite ku tiribunali, amasonkhanitsa anthu wamba kuseri. Amamva mboni, n'kuyankha funso limodzi basi: pali mlandu kapena palibe? Kugamula sikwawo. Dzina la gululo alitchula, lilime langa lakana. Nanenso ndisankha anthu asanu ndi awiri, chidani tigawane.

Malamulo anga:
1. Chinsinsi!
2. Wachibale wa a Barnaba ayi.
3. Amene adadyako nsomba zija ayi.

Lachiwiri

Lamulo lachiwiri landithyola miyendo. Uyu ndi mlamu wawo, uyu mphwawo, uyu adakwatira kwa azakhali awo. Tsiku lonse ndapeza anayi:
a Mateyu,
a Anafi,
mayi Esitere,
a Yohana, omwe makutu adawasiya kalekale.
Wachisanu ndine. Zikwane choncho, ndatopa.

Talumbira m'kalasi, chitseko chotseka. Ndikufika kunyumba, mkazi wanga, amake Lusia, akundilandira: "Koma a Yohana mwawaikamo kuti akamve chiyani?" Chinsinsi chandipitirira panjira, chafika ine ndisanafike.

Lachitatu

Tsiku la mboni. Ndaitana zisanu ndi imodzi, zabwera ziwiri.

Yoyamba: "Ine ndidaona madzi okha."
Yachiwiri: "Khoka ndidaliona, koma mwini wake adandifulatira. Msana ulibe dzina."
Ndalemba zonsezi. Dzanja langa ndi lachifundo.

Kenaka a Mateyu akukweza mkono mwaulemu. Akufunsa ngati kugwira chingwe n'chimodzimodzi ndi kudya. Akuti amangodutsa, ndipo munthu sadutsa pamene khoka likukokedwa manja ali kumbuyo. Zoona, ndiwo mwambo wathu: wagwira chingwe, walandira ndiwo. Adalandira zisanu. Adadya. Atenga chipewa chawo, atuluka.

Tatsala anayi. Njala!

Lachinayi

Mayi Esitere chingwe sadagwire. Ndikupuma. "Koma nsombazo zidawambidwa pa ng'anjo yanga, ndipo wowamba amalawa." Atuluka.

A Anafi akuyang'ana denga nthawi yaitali. Bwato woponyera khoka tsiku lija udali wawo. "Munthu akabwereka bwato, sumufunsa kuti ukupita bango liti." Mwini bwato nayenso amalandira gawo lake. Atuluka, andisiyira moni.

Tatsala ine ndi a Yohana, omwe akuganiza kuti ndi msonkhano wa maliro. Afunsa kawiri kuti wamwalira ndani.

Ndadandaula kwa apulofesolo. Akuseka: "Aa, kumeneko anthu ake sadziwana ayi." Nanga osandiuza Lolemba bwanji? Kuno ngakhale mbuzi ili ndi amalume.

Lachisanu

A Barnaba abwera okha, ndi mpando wawo. Akhala pakhonde panga ngati aitanidwa ku chinkhoswe. Akuti amva kuti ndikuvutika kupeza mboni, ndiye abwera kudzandithandiza. Ha!

Sakukana kanthu. Khoka n'lawo, bango n'lomwelo, kunyumba kudalibe chakudya. Atulutsa pepala la onse amene adagwira chingwe, lodzaza kuno ndi kuseri. "Ku Metangula ine ndipita, alembi. Koma tipite tonse. Mupezeretu shapa ziwiri, maminibasi otinyamula."

Ndikuwerenga maina. Akatekisiti alimo. Theka la komiti yanga lilimo. Chakumapeto, dzina la amake Lusia!

Ndawafunsa mkazi wanga. Sakunjenjemera n'komwe. "Chambo chimene mudadya Lamulungu lija mumati chagwa kumwamba? Mitu iwiri mudapsipsa nokha, n'kufunsa ngati msuzi watsala."

Ndikukumbuka. Chidali chokoma. Lamulo lachitatu ndidalemba ine, ndi dzanja lomweli.

Loweruka

M'mudzi wonse woyera ndi mmodzi: a Yohana. Gulu langa lonse ndi iwo. Ine ndatsika, ndangokhala wogwira cholembera.

Tili awiri m'kalasi. Ndikufuula m'khutu mwawo mlandu wonse, kuyambira pachiyambi. Amayi otsuka mbale kunyanja akumva, mpaka mmodzi akundikonza pamene ndalakwitsa tsiku.

"PALI MLANDU KAPENA PALIBE?"

A Yohana akumenya ndodo pansi. "Mlandu ulipo, waukulu!" Mtima wanga myaa. Ndayamba kale kulemba mutu wa kalata. Akupitiriza: "Mudzi wonse udye chambo, ine nkhalamba osandipatsako ngakhale mchira?"

Masana ndikuona akazi a a Barnaba akulowera kwa a Yohana ndi mbale yovundikira. Madzulo a Yohana anditumizira mawu: aganizanso bwino, anthu tizikhululukirana.

Mawu anga atha, kukhosi kukuwawa. Madzi otentha ndi mandimu.

Lamulungu

Kalata sinapite. Pansi pa mutu wake ndalemba mawu awiri: palibe mlandu. Ndasaina ndekha.

Tikutuluka m'tchalitchi, ndikuyang'ana kubango. Makoka atatu! A Barnaba sali nawo n'komwe, ndi ena. Anthu akuthamanga ndi zovala za kutchalitchi zomwe, azimayi akumanga zitenje m'chiuno. Palibe wobisala, palibe wondiyang'ana.

Ndaima pamchenga ndi kabuku kanga. Ndikufuna kukalipa, mawu sakutuluka. Ndipo ndikalipire ndani? Chisoni chandigwira, chenicheni.

Amake Lusia akundigunda ndi chigongono: "Muima choncho mpaka liti? Kunyumba kulibe ndiwo."

Kabuku ndaika m'thumba. Ndavula nsapato, ndapinda buluku. Malo andipatsa pakati pa a Mateyu ndi akatekisiti. Chingwe chikulemera, ndakoka.

Andipatsa zinayi. Ziwiri ndi chambo choswa, tiana tikadali m'kamwa.