Buku la Chilufya M'zigawo Zisanu

Lolemba

Lero ndine munthu! Chilufya, mnzanga wa mu Fomu 2 amene amakhala kumayadi ku Highridge, wandibwereka buku. Osati la sukulu ayi. Lonenepa, lachikuto cholimba, lonunkhira upya. Atate ake anabwera nalo kuchokera kunja, ndipo kwawo kuli shelefu yodzaza ndi ena otere, a zombo za m'mlengalenga ndi maiko amene kulibe.

Malamulo ake:
1. Libwerere Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi.
2. Osapinda tsamba.
3. Osanyowetsa chala ndi malovu.
4. Likabwerera bwino, shelefu yonse ndiwerenga, limodzilimodzi.

Lamulo lachinayilo ndi limene ndikupumira.

Nkhani yake: mtsikana akuweta mbuzi zachitsulo pa dziko lina lakumwamba, kumene mvula imatuluka pansi n'kumakwera. Chombo cha makolo ake chamuiwala komweko. Kodi chibwerera kudzamutenga? Ndawerenga ndikuyenda kuchokera kusukulu mpaka kwathu ku Katondo, kuno ku Kabwe. Ndagunda njinga yoima, ndaipepesa. Tsamba 60!

Ndiye akulu anga a Yotamu. Anamaliza Fomu 5 chaka chatha, ntchito akuidikirira pakhonde. Aliona, alilanda. "Leta kuno iwe, wamukulu ndiye ayamba." Amawerenga ndi chala, milomo ikugwedera. Pofika nthawi ya chakudya ali pa tsamba 9. Pa liwiro limeneli adzamaliza pa Khirisimasi.

Lachiwiri

Nzeru zandibwerera mkati mwa phunziro la masamu, koyamba chiyambire chaka. Bukuli ndi losoka ndi ulusi, mitolomitolo, ngati malaya basi. Ine ndine mwana wa atelala, amai amasoka madiresi pakhonde. Chosokedwa chimamasulidwa, n'kusokedwanso.

Dongosolo:
1. Lumo la atate. Kudula ulusi.
2. Zigawo zisanu.
3. A Yotamu atenge choyamba, chimene ndinamaliza kale. Ine chachiwiri. Ndizikhala patsogolo pawo mpaka kumapeto.
4. Loweruka ndisoke ndekha. Chilufya sadzadziwa kanthu.

Ndachita! Ndisaname, podula ulusi woyamba ndinaona ngati Chilufya waima kumbuyo kwanga. Wachiwiri unali wosavuta. Pofika wachisanu ndinali ndikuimba.

A Yotamu alandira chigawo chawo osafunsa kumene thupi lina lapita. Zitatu zotsala ndabisa m'dengu la nsalu za amai, chikuto pansi pa matiresi.

Ndili pakati pa chigawo chachiwiri. Mbuzi imodzi yayamba kulankhula! Mawa ndichisiya kunyumba, chifukwa Chilufya amakhala desiki imodzi ndi ine ndipo maso ake ndi akuthwa.

Ndikudzinyadira kwambiri. Anthu anzeru ngati ine sabadwa chaka chilichonse.

Lachitatu

Mayo ine!

Ndabwera kusukulu ndikuthamanga kuti ndimve zimene mbuzi inanena. Ndapeza izi:

Chachiwiri chili m'manja mwa a Yotamu. Choyamba amaliza m'mawa umodzi! Akuti buku lonenepa linkawaopsa, koma lowonda likumezeka ngati nthochi. Ndawakumbutsa kuti ndinali pakati. Andikumbutsa amene anayamba kubadwa.

Chachitatu chili kwa Dailesi wa nyumba yoyandikana nafe. Amai anapeza mapepala m'dengu, Dailesi anali pomwepo kuyesa siketi, anapempha. Amai: "Nanga nimukane bwanji, vinali chabe khale? Kupatsa n'kuika, mwana wanga."

Chachisanu, mapeto enieni, chapita ndi atate! Iwo ndi galadi wa sitima, abwera Loweruka. Akuti chakwana bwinobwino m'thumba la jekete, chiwathandiza kusungulumwa panjira.

Apa ndiye ndaona pamene ndinalakwa. Buku lathunthu lili ndi mwini mmodzi, ukaligwira umangoti ndikuwerenga. Koma ukaligawa, zigawo zina zimangokhala, ndipo kuno ku Katondo chinthu chongokhala chimabwerekedwa: nsimbi, mtondo, sefa, ngakhale nsapato ukazivula nthawi yaitali.

Chatsala chachinayi. Sindingachiwerenge, ndingadumphe bwanji theka la nkhani? Ndachibisa m'buku la nyimbo la amai. Mmenemo salowamo munthu mpaka Lamulungu.

Lachinayi

Ndinaiwala kuti lero mapemphero a m'dera lathu ali kunyumba kwathu.

Azimayi asanu ndi atatu pamphasa, a Daka, mkulu wa mpingo, pampando wa atate. Apempha buku la nyimbo. Alitsegula. Pagwa chithunzi cha mbuzi yachitsulo ya maso anayi, yaima ndi miyendo iwiri, ikuloza kumwamba.

Azimayi onse atembenukira kwa a Daka.

A Daka anachiyang'ana nthawi yaitali, magalasi ali pamphuno. Kenako: "Ivi ni vinthu vofunika kuvipima. Nivitenga." Achipinda pakati, PAKATI, n'kuchiika m'thumba la mkati. Lamulo lachiwiri lafa ine ndikuona, ndipo ndinayenera kuimba nawo vesi lachitatu.

Atachoka, amai andifunsa ngati ndayamba zamizimu. Ndati ndi sayansi. Akuti bola, koma ndisambe m'manja.

Ndiwerengere chuma changa:
Choyamba: ndili nacho, ndinachimaliza Lolemba.
Chachiwiri: a Yotamu, akuchibwereza chifukwa "chakoma".
Chachitatu: Dailesi.
Chachinayi: chikupimidwa.
Chachisanu: chili pakati pa Kabwe ndi sindikudziwa kuti.

Ndawerenganso choyamba. Chombo chamuiwalanso mtsikana uja, ndipo ulendo uno ndamumvetsa bwino. Ndalira pang'ono, za iye ndi zanga pamodzi.

Lachisanu

Kusukulu Chilufya wandifunsa, "Uli pati manje?" Ndati ndili paliponse. Waseka, wandigawira bisiketi. Bisiketiyo sindinaidye, ndangoigwira m'manja mpaka belu.

Masana ndapita kwa Dailesi. Alibe! Kusitolo kwafika shuga, anapita nacho pamzere, ndipo mzere unali wautali moti chigawo chinayamba kuyenda chokha. Ndatsata mzerewo kuyambira kumchira. Aliyense akuti "chapita kutsogolo". Ndachipeza pafupi ndi khomo, bambo wina wa chipewa akuwerenga mokweza n'kumamasulira m'Chibemba, anthu atamuzungulira, ena ataya malo awo osadandaula. Ndachilanda ngati kabawi. Mayi wina wandikalipira kuti ndine mwana wopanda ulemu, anthu ali pakati pa nkhani.

Pakati pa nkhani! Andiuze ine!

Tsopano aliyense akudziwa kanthu kupatula ine, ndipo palibe wosunga pakamwa.
Dailesi: "Ija mbuzi ni mulongosi wake, sunadziwe?" Sindinadziwe, zikomo.
Wogulitsa makala wandiuza za mlatho umene unagwa.
A Daka ndakumana nawo pamsika. Ndagwada, ndapempha chigawo. Akuti kupima sikunathe. Kenako atsitsa mawu: "Nanga vakutsogolo vili kuti? Sitingaweluze nkhani na mbali imodzi." Akufuna chachisanu! Munthu wamkulu, wa tayi!

Chachitatu chabwerera ndi chidindo cha chala cha mafuta pa tsamba lililonse. Lamulo lachitatu lapita, ndi malovu a anthu osawadziwa. Ndinati ndichiyambe, koma chachiwiri sindinamalize, ndipo a Yotamu achitsekera m'sutikesi apita ku mpira.

Palibe kanthu. Mawa zonse zikumana, ndisoka m'mawa, ndiwerenga tsiku lonse.

Loweruka

M'mawa zonse zisanu zili patebulo! A Yotamu abweza. A Daka atumiza chawo ndi uthenga wakuti mulibe choipa chachikulu, koma mtsikanayo sapemphera. Atate afika ndi chachisanu, chikununkha dizilo.

Ndawafunsa msangamsanga ngati chombo chinabwerera. Akuti anawerenga masamba awiri, tulo tinawagwira. Amene anachimaliza ndi dalaivala wa sitima, ndipo potsika maso ake anali ofiira. Ofiira ndi chisoni kapena ndi chimwemwe? Atate sanafunse. Dalaivalayo wapitirira kummwera, wayamba tchuthi cha mwezi wathunthu.

Ndisanalowetse ulusi m'singano amai andigwira. Aona chikuto, aona dzina la atate a Chilufya lolembedwa mkati ndi inki. Ndaulula zonse. Sanandimenye. Angoti, "Nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi," n'kundituma kukakolopa m'tchalitchi ndi atsikana anzanga, popeza ndi sabata ya dera lathu. Akuti za buku ndiwasiyire, banja lathu silingachite manyazi ku Highridge.

Ndakolopa ndi mtima wopepuka. Amai akasoka chinthu sichisomoka.

Ndabwera. Bukuli lili patebulo, lavala chitenje cha maluwa achikasu.

Mbiri yake ndi iyi. Singano ya makina inathyoka pa chikuto. Amai anapita nalo kwa wosoka nsapato wa pamsika. Iye analiboola ndi chisongole chake, analisoka ndi chingwe cha nsapato, ndipo pofuna kuti ntchito ikhale ya muyaya anathira guluu wa nsapato kumsana, mowolowa manja, n'kulikhalira ola lathunthu. Guluu analowerera m'masamba. Chitenje ndi cha amai, chobisa mabala.

Silitseguka. Ndayesa ndi chikhadabo, ndayesa ndi mpeni wa tebulo, tsamba lang'ambika pakona, ndasiya. Masamba khumi oyambirira okha ndi amene akutseguka. Kwinako ndi njerwa.

Amai akuliyang'ana monyadira. "Ili manje olo adzukulu bake bazalipeza." Ndawathokoza. Nanga ndikanatani?

Lamulungu

Tatuluka m'tchalitchi. A Daka andigwira chanza pakhomo, andifunsa ngati kuli lina. Ndadutsa msanga.

Ndayenda pansi mpaka ku Highridge, njerwa yanga ili m'pepala. Njira yonse ndakonza mabodza atatu: mbuzi ya aneba, mvula, akuba. Pofika pageti onse atatu ndawaona kuti ndi opusa.

Chilufya watuluka akumwetulira. Watsegula pepala. Wayang'ana chitenje, watembenuza, wayesa kutsegula, wayesanso. Ndamuuza zonse, kuyambira lumo mpaka wosoka nsapato. Pa a Daka milomo yake inagwedera ngati aseka, ndinayamba kuyembekezera. Sanaseke.

Wati, "Nenze nikalibe kulibelenga. N'nakupatsa iwe first chifukwa unali kuliyangana maningi."

Ndikanakonda akanandimenya nalo pamutu, likanagwira ntchito imeneyo bwino. Manyazi amene ndamva sindinawamvepo chibadwire. Katondo yense walawa buku la mwini, mpaka wogulitsa makala, mwini wake ayi.

Za shelefu sindinafunse, naye sanatchule. Ndaiona pawindo la pabalaza, mizere itatu, yonse yoongoka bwino.

Ndikutembenuka kuti ndizipita, wandiitana. Ndacheuka msangamsanga.

"Niuzeko chabe chimodzi. Chombo chinabwela kumutenga?"

Ndati sindikudziwa.

Wandiyang'ana, wayang'ana bukulo, walowa m'nyumba n'kutseka chitseko bwinobwino, osamenyetsa. Mawa tikhala desiki imodzi kuyambira m'mawa mpaka belu lomaliza, ndipo phunziro loyamba ndi la zosokasoka.