Nkhondo ya Makamera Awiri ndi Mphuno Imodzi

Tcherani khutu, inu mibadwo yam'tsogolo, inu amene mudzabadwa foni ili kale m'manja, pakuti ndikuti ndisimbe za masiku aja aakulu, pamene munthu asanajambulidwe ankayamba wapesa tsitsi, wapukuta nsapato, wabwereka jekete, n'kukwera masitepe a ku studiyo ngati wokaonekera pamaso pa woweruza. M'masiku amenewo, pamwamba pa sitolo ya nsapato, m'chipinda chokhala ndi chinsalu chojambulidwa mathithi amene sanaphwepo ngakhale chaka cha chilala, munkalamulira munthu wina amene dzina lake lobadwa nalo linachita dzimbiri chifukwa chosaitanidwa. Onse ankangoti a Mwetulirani, popeza amenewo ndiwo anali mawu otuluka pakamwa pawo kuyambira m'mawa mpaka poweruka.

A Mwetulirani, Mgwira-kamphindi, Wotontholetsa Makanda, iwo amene anaseketsapo apampando a makomiti oopsa ndi kuwongola makosi a akwati amanyazi! Zida zawo zinali ziwiri. Choyamba chinali diso lakumanzere, limene ankajambulira chiyambire unyamata wawo, lakumanja ali chitsinzinire. Chachiwiri chinali mphuno, mphuno yaulemerero, imene inkayamba kulowa m'chipinda eni ake akadali pa masitepe.

Ndipo kunachitika kuti kamera yawo yakale, imene inakalamba nawo limodzi, inatsokomola komaliza ili pakati pojambula mapasa, n'kutsinzina osadzukanso. Mwini sitolo ya makamera, munthu wodziwa kuti nsomba imakodwa ndi nyambo, anawabwereka makamera awiri atsopano kuti ayese, asankhepo imodzi, inayo abweze. Onse awiri anali a mtundu uja wa akatswiri: aang'ono, osalala pamwamba, opanda kalilole m'mimba, ndipo kazenera kosuzumirapo kanali pakona yakumanzere. Ina inali Yasiliva, namwali wamakono, yokhala ndi galasi lalikulu kumbuyo limene limamva ukangolikhudza ndi chala. Inayo inali Yakuda, yaukali ngati mphunzitsi wamkulu, yodzaza timawilo tozungulitsa ndi manja. Galasi lake lakumbuyo linali lopindikira m'kati kuti munthu asamangosuzumira zimene wajambula, ndipo kazenera kake kanali kagalasi wamba koonetsa dziko monga lilili.

Koma m'studiyomo munalinso tambala wachiwiri. Ameneyu anali mlamu wawo, mlongo wamng'ono wa akazi awo, amene anthu ankamutcha Kachipewa chifukwa panalibe wamoyo amene anaonapo pakati pa mutu wake. Ntchito yake inali kutsuka zithunzi pa kompyuta ndi kugwira chimbale chonyezimira chija chimene amaunikira nacho nkhope ya wojambulidwa, koma mtima wake unali kuseri kwa kamera. Ndipo monga mudziwa, atambala awiri salira m'khola limodzi.

Aliyense ankayembekeza kuti mkuluyo atenga Yakuda, mnyamatayo Yasiliva, nkhani n'kuthera pomwepo. Zikanaterodi, pakanapanda lilime. Kachipewa, akupidigula makatoni, anangoti mwa chisawawa: “Alamu, Yasilivayi musavutike nayo. Zamakonozi zimafuna maso, ndiye anuwo atumikira mokwanira.”

Mawu amenewo anakalasa pa bala lobisika. Pakuti kwa miyezi ingapo a Mwetulirani ankawerenga nyuzipepala atatambasula mkono wonse, ndipo ulusi ukakana kulowa pa singano ankanamizira singanoyo. Sanauze munthu, ngakhale akazi awo. Ankachita mantha, mantha enieni, kuti diso limene linalera banja lonse layamba kulowa ngati dzuwa. Motero anadzuka, nanyamula Yasiliva, naikweza kumwamba, nalankhula mawu amene anagwedeza mathithi a pa chinsalu:

“Tamvera, iwe mwana wa dzulodzulo! Ine ndinkajambula anthu iwe ukudya dothi. Ndinajambula maukwati mvula ikugwa, ndinajambula magulu a kwaya dzuwa lili kumbuyo kwawo. Kamera iyi ndiyo itsale m'nyumba muno, ndipo ndiigwira ndine!”

Kunena zoona, Kachipewa ankaifuna Yakuda kuyambira kale, chifukwa inkagwirizana ndi chipewa chake. Anaikoleka m'khosi, nayankha kuti luso lenileni lili m'timawilo, kuti mmisiri weniweni sasuzumira kumbuyo kwa kamera ngati mwana wobera mayeso, ndiponso kuti nthawi yakwana yoti mikango yokalamba ipumule pamthunzi. Mawu anabala mawu, mpaka analumbirirana pangano loopsa: aliyense ajambule munthu mmodzi yemweyo ndi kamera yake, wopambana, kamera yake itsala ndipo adzakhala wojambula wa studiyo, wogonja adzagwira chimbale chonyezimira mpaka tsiku lake lomaliza.

Wojambulidwa, amenenso anali woweruza, sakanakhala wina koma Mayi, mkazi wa mmodzi ndi mlongo wa mnzakeyo, amene ankalandira alendo pa tebulo la pakhomo. Anavomera akupukusa mutu, nati mapanga awiri avumbwitsa, koma popeza amuna akulu awiri afuna kunyowa, iwo sawaletsa.

Tsiku la nkhondo linacha bwino. Wogulitsa nsapato anatseka sitolo yake nakwera kudzaonerera. Wometa wa tsidya la msewu anabwera lumo lili m'thumba, atasiya munthu mutu uli theka. Mayi anakhala pampando patsogolo pa mathithi, atavala diresi yawo yobiriwira, ndipo chapafupi ndi kamera, cha m'munsi, panali katebulo ka maluwa apulasitiki amene anakongoletsa zithunzi za mibadwo itatu.

Anayamba ndi Kachipewa, Mphepo ya Kumadzulo, Mdzukulu wa Mavidiyo a pa Foni. Anazungulitsa timawilo tonse ndi manja, osalola kamera kudziganizira kanthu. Anaika diso pa kazenera, nafuula kuti akuona zonse ngwee. Mayi anakweza chala. “Iwe, taona kaye…”

“Achemwali, chonde, chete. Mukusokoneza luso.”

Mayi anatsitsa chala chawo, napinda manja, ndipo a Mwetulirani, amene anaima kumbuyo atagwira chimbale, anadabwa kuona akazi awo akumwetulira kumwetulira kokoma kumene iwo sanakuonepo chiyambire chaka. Nsanje inawaluma. Kachipewa anajambula ataima, anajambula atagwada, anajambula atagona chafufumimba, anakwera pampando, anatsika, mpaka thukuta linadutsa m'chipewa. Sanatembenuze galasi lakumbuyo ngakhale kamodzi, pakuti mmisiri weniweni sasuzumira.

Kenako anafika Mgwira-kamphindi. Anachotsa chivundikiro cha lenzi nachiponya m'thumba la malaya, la pamtima, monga ankachitira masiku onse a moyo wawo. Anaimika miyendo, anatsinzina diso lakumanja, anafikitsa lakumanzere pa kazenera ka pakona, ndipo mphuno yaulemerero ija, posowa kolowera, inakakhazikika pa galasi lakumbuyo.

Anasuzumira. Nkhope ya akazi awo inali mbuu, ngati munthu woima m'nkhungu. Anachotsa diso, analipukuta ndi kansalu, anabwezeranso. Kamphindi kochepa nkhope inaoneka, kenako inasungunukanso. Anayesa kachitatu, chimodzimodzi. Nkhope imeneyi anayamba kuionera pa kazenera ka kamera, kalekale, mwini wake ali mtsikana wodzajambulitsa chithunzi cha chiphaso. Ndipo lero diso lomwelo linali kuikana. Anadziuza mumtima kuti basi, zatha, mnyamata uja ananena zoona. Koma ngwazi sigwetsa mkondo anthu akuona. Anati “Mwetulirani,” ndi mawu aang'ono ngati a mwana wodwala, nadina batani kangapo, nakhala pansi.

Khamu lonse la anthu asanu linasonkhana pa kompyuta. Anayamba kutsegula za Kachipewa. Chithunzi choyamba chinali bii. Chachiwiri bii. Chogwada chija bii, chogona chafufumimba bii, chapampando bii, mdima wokhawokha ngati m'kati mwa nsapato. Kachipewa anagwedeza waya, anaimba mlandu magetsi, anatukwana mwini sitolo ya makamera ndi makolo ake. Mayi anangotambasula dzanja, nagogoda ndi chikhadabo kutsogolo kwa Yakuda imene inali pachifuwa pake. Chivundikiro chinali pomwepo, chitatseka lenzi monga chinachokera ku fakitale. Pakuti kazenera ka Yakuda kali ndi njira yakeyake yoonera kunja, sikadutsa m'lenzi; munthu ukhoza kuona dziko lonse likuwala pamene kamera ili m'tulo.

“Ndimati ndikuuze,” anatero Mayi, “koma ndinaopa kusokoneza luso.”

Wometa anaseka mpaka anakhala pansi. Wogulitsa nsapato anatuluka kukasekera pa masitepe kuti apeze malo okwanira. A Mwetulirani okha sanaseke, chifukwa ankadziwa chimene chikubwera.

Zithunzi zawo zinatseguka. M'chilichonse Mayi anali chimtambo chobiriwira chokhala ndi mutu. Koma pakona ya m'munsi, maluwa apulasitiki anaoneka mochititsa mantha: fumbi lililonse, ulusi wa kangaude, ndi ntchentche yakufa imene inagona pa duwa lofiira miyendo ili m'mwamba, tsitsi la m'miyendo yake lowerengeka.

Kuseka kunazima kokha ataona nkhope ya mkuluyo. Anadzuka pang'onopang'ono, natola chimbale chonyezimira, nachigwira pachifuwa ngati chishango cha msilikali wogonja.

“Mlamu,” anatero, “iwe walakwitsa ndi kuiwala, ndipo woiwala amakumbuka mawa. Ine ndalakwitsa ndi diso. Ndimayang'ana mayi awa, osawaona. Ndakhala ndikubisa, koma lero zaonekera poyera. Tenga studiyo.”

Kachipewa, amene analota mawu amenewa kwa zaka, anapeza kuti sakukoma m'pang'ono pomwe. Anayang'ana pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya anthu, anavula chipewa.

Mayi ananyamula Yasiliva, napita nayo pa zenera, naipendeketsa kuti kuwala kugwe pa galasi lakumbuyo. Pamenepo, cha m'munsi, panali chidindo chamafuta, chozungulira, chonenepa, chonyezimira.

“Bambo, tabwerani kuno. Chidindo ichi ndimachidziwa. Ndimachipukuta pa zenera la kunyumba tsiku lililonse mukamasuzumira ngati kukubwera mvula.”

Kachipewa anayang'ana chidindo, anayang'ana mphuno, nawomba m'manja. Anafotokoza mothamanga kuti galasi la Yasiliva limamvera chilichonse cholikhudza, ndipo pamene wakhudzapo ndi pamene kamera imalunjika. Silisiyanitsa chala ndi chiwalo china. Wojambula ndi diso lakumanja mphuno yake imapita pambali, kunja kwa kamera, koma wa lakumanzere imagwera pagalasi penipeni. Kamera yosalakwayo inalandira lamulo kuchokera kwa mkulu wa nkhope yonse, ndipo inamvera: inasiya Mayi n'kukalunjika pa ntchentche.

A Mwetulirani sanakhulupirire msanga, pakuti mantha akakhazikika sasamuka ndi mawu. Mayi anavula Yakuda m'khosi mwa mlongo wawo, anachotsa chivundikiro, naiika m'manja mwa amuna awo, nabwerera pampando. Mkuluyo anafikitsa diso pa kagalasi wamba kaja. Mphuno inatera pa msana wouma wa kamera, umene sumva kanthu ndipo sulamulidwa ndi aliyense.

Ndipo anawaona. Anaona imvi zimene zinayamba cha pa khutu, timizere ta m'mbali mwa maso, kachipsera ka pachibwano kamene chitseko cha kabati chinasiya chaka chimene anasamuka. Anaona ndi diso lawo lomwe lija, lokalamba, lofuna magalasi powerenga, koma lamoyo. Anakhala nthawi yaitali osadina, mpaka Mayi anafunsa ngati mphuno yayambanso.

“Ayi,” anatero a Mwetulirani. “Ndikungoyang'ana.”

Ndipo podina batani anaiwala kunena mawu awo aja, koma panalibe chifukwa chowanenera, pakuti Mayi anali akumwetulira kale.

Mtendere unasainidwa madzulo omwewo ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi mabisiketi a wogulitsa nsapato. Mfundo zake zinali izi. Yakuda itsala, choncho Kachipewa wapambana. Woigwira ndi a Mwetulirani, choncho a Mwetulirani apambana. Chimbale azigwira mosinthana, ndipo Loweruka mnyamatayo azijambula ana, amene sakhala phee ngakhale kamera ikhale yotani. Kachipewa anadzozedwa kukhala Msungi Wamkulu wa Chivundikiro, nachivala m'khosi pa chingwe cha nsapato, kuti pasadzapezekenso wojambula mdima m'nyumbamo. Yasiliva inapukutidwa mwaulemu ndi kuperekezedwa ku sitolo ngati mlendo wosalakwa. Wometa analankhula mawu othokoza mbali zonse, kenako anakumbuka munthu wake wa mutu watheka, natsika masitepe akuthamanga.

Panatsala nkhani ya chithunzi chopachika pakhoma. Atatsuka chomaliza chija, Mayi anachiyang'ana nthawi yaitali, nati diso la bambowa lachira mopitirira muyezo, ndipo imvi zawo si chionetsero cha makasitomala. Analamula kuti pakhoma papachikidwe chimtambo chobiriwira chija, pamodzi ndi ntchentche yake, chifukwa m'menemo akuoneka ngati mtsikana. Chilipobe mpaka lero, pambali pa chithunzi china chakuda bii cha m'felemu yagolide, chimene Kachipewa amauza alendo kuti ndi luso lozama.

Chowala bwino chija a Mwetulirani anachitsukitsa chaching'ono. M'thumba la malaya, la pamtima, munali mutatsala malo chichokereni chivundikiro, ndipo anachiika m'menemo.