Anati Ndiveke Nyumba

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika n'kuona kapulana yobiriwira ya nkhanga zachikasu, ndimayang'ana kumbali ngati ndakumana ndi munthu amene anandipezererapo ndikusamba. Nsaluyo sinandilakwire. Amene anandilakwira ndi mawu amodzi, mwamuna wanga Zito, ndi pakamwa pangapa, pamene sipatseguka nthawi yofunika.

Ndiyambe ndi pakamwapo. Ine ndinakulira kwa agogo ku Angónia, makolo atamwalira ndili wamng'ono. M'nyumba tinalimo awiri basi, ndipo agogo sanali munthu wa nkhani. Ankangoti munthu akakupatsa chinthu landira ndi manja awiri, thokoza, usafunse, chifukwa kufunsa n'kuderera. Ndiye ndinakula wa maso osati wa pakamwa. Ndikalowa m'nyumba ya eni ndimaona mbale yong'aluka imene aibisa pansi pa zinzake, ndimadziwa amene akangana m'mawa. (Ndikunena izi kuti mudziwe kuti si masiku onse amene ndimakhala chitsiru.)

Nditakwatiwa n'kubwera mu mzinda wa Tete, ndinagwera m'banja la anthu ambiri ngati linthumbu. Apongozi anga, amayi ake a Zito, amakhala ku Canongola, ndipo amalankhula Chinyungwe chothira Chipwitikizi. Zambiri ndimamva, poti Chinyungwe ndi Chinyanja chathu n'zapachibale. Koma pachibalepo ndi pamene pali dzenje. Umayesa kuti wamva.

Banjali pa Natale, ndiye kuti Khirisimasi, limasonkhana nyumba imodzi, kudya, kenako kujambulitsa chithunzi chimene apongozi amakachipachika pakhoma la pabalaza pawo. Natale yanga yoyamba ndinaima nawo pambali, ndikudikira kuti wina anene poti ndiime. Mlamu wanga Fina, mchemwali wake wa Zito, anangondipatsira telefoni. "Mlamu, tijambuleni. Inu dzanja lanu silinjenjemera." Ndinawajambula bwino kwambiri. Chithunzicho chilipo, ndipo ine mulibemo. Sindinadandaule kwa aliyense, koma munthu amene kwawo kulibe ngakhale chithunzi chimodzi cha amayi ake, khoma ngati limene lija amaliyang'ana mosiyana ndi anzake.

Chaka chotsatira ndinabereka Dulce, ndipo kunamveka kuti Natale idzachitikira kwathu ku Chimadzi. Ndinati chaka chino zivute zitani, ine ndilowa pachithunzi.

Vuto linali nyumba. Timakhala ya lendi, ya zipinda ziwiri ndi pabalaza. Pamazenera ndinali nditapachika zitenje zakale zimene dzuwa la ku Tete linazidya mpaka kuyera ngati matumba a ufa. Sofa tinagula yogwiritsidwapo kale, ndipo mitsamiro yake inali ndi mbiri ya eni ake oyamba. Ndikamayamwitsa ndinkangoyang'ana pa telefoni nyumba za anthu ena, momwe kortina ya pazenera, nsalu ya pameza ndi mitsamiro zimagwirizana ngati ana a mimba imodzi, mtima n'kumawawa.

Tsiku lina masana, kukutentha koti ngakhale mbuzi zinabisala, tchopela, kanjinga kamoto ka hayala ka matayala atatu, inaima pakhomo. Anatsika apongozi ndi mtolo. Ndinawapatsa madzi ozizira, ananyamula Dulce, maso awo akuyendayenda pamazenera anga. Kenako anamasula mtolo uja: makapulana atsopano, olimba, obiriwira, nkhanga zachikasu zili mbwee.

"Amake Dulce, iyi ndi farida ya nyumba," anatero. "Ndagula yokwanira, musaumire. Pa Natale ndidzapeze nyumba yonse itavala."

Ndinagwada n'kulandira ndi manja awiri. Farida ndinkaidziwa: zovala zofanana za ana asukulu kapena apolisi. Ndiye farida ya nyumba, ndinaganiza, ndi yoti zonse za m'nyumba zifanane. Mayiwa aona mazenera anga, ndipo m'malo mondinyoza andithandiza mwaulemu. Atapita ndinalira pang'ono. (Inde, ndikudziwa kuti pamaukwati anthu amavala kapulana imodzi. Musandikumbutse. Ukwati panalibe, ndipo mayiwo anati nyumba.)

Mawa lake ndinali kwa wosoka wa pamsika, amene tonse timangomuti Alufayati. Bamboyo ndi woopsa, chifukwa sakana ganizo la munthu, amangoliwonjezera. Ndinati makortina a mazenera awiri ndi zovala za mitsamiro. Iye anayeza, n'kunena kuti nsalu itsala.

"Nanga meza, mana? Alendo adzadyera pa thabwa?"

"Sokani ya pameza."

"Itsalabe. Jeleira ikhale yosavala pakati pa anzake ovala?"

Jeleira, firiji yathu, inasokeredwa kachipewa. Televizawo inasokeredwa chofunda. Tizidutswa totsala sindinataye, ndine mwana wa agogo: tina ndinasoka zogwirira mapoto, tina ndinaluka chopondera cha pakhomo. Ndinagwira ntchito imeneyo ndi chikondi, anthu inu. Ndicho chimene chimandipsetsa mtima.

Zito amayendetsa galimoto ya katundu yopita ku Beira, ndiye masiku amenewo kunyumba kunalibe. Anaimba ali panjira.

"Amayi akuti anakupatsa farida. Wasoketsa?"

"Ndasoketsa."

"Yakwana tonse?"

"Yakwana, mpaka jeleira yapeza yake."

Anaseka kwambiri, nati ndayamba nthabwala masiku ano, n'kudula. Munthu ameneyu amayi ake anali atamuuza zonse: kuti anaona kwa anzawo a kutchalitchi mabanja akuvala zofanana pa Natale, ndiye chaka chino nafenso tivale. Ankadziwa. Koma mtundu wa nsaluyo sanauone, ndipo sanafunse. Atabwera analowa, n'kudziponya pa sofa, mutu pa nkhanga, miyendo pa nkhanga.

"M'nyumba mwasintha."

"Ndi amayi anu."

"Amayi ndi abwino," anatero, n'kugona.

Tsiku la Natale ndinadzuka ndi mbaula. Nyama ya mbuzi, mpunga, nsomba za chikowa zothira nsinjiro, mbatatesi za kwathu zokazinga, ndi bolo, keke wathu, amene anapserera mbali imodzi koma ndinamutembenuzira kukhoma. Zito anapita kukasaka madzi oundana a zakumwa, natsazika kuti ndimusitire malaya ake aja, adzavala akabwera. Ndinamusitira oyera, a ukwati. Ine ndinavala diresi langa lofiira, Dulce ndinamuveka lapinki. Ndinaima pakati pa balaza n'kuzungulira. Nyumba inavala, abale. Inavala kuposa mkwatibwi.

Ndinamva chapa, minibasi ya kuno, ikuima panja, n'kusuzumira pakampata ka kortina. Oyamba kutsika anali apongozi: diresi lobiriwira, nkhanga kuyambira pa duku mpaka m'mapazi. Ndinati, aa, anasungako ina, n'zabwino, afanana ndi balaza. Anatsika Fina. Nkhanga. Anatsika amalume a Zito a ku Moatize ndi mimba yawo. Nkhanga zazikulu zotambasuka. Akazi awo, ana, zidzukulu, kamwana ka kumsana, nkhanga, nkhanga, nkhanga, gulu lonse likubwera pakhomo panga ngati wina wamwaza mapira.

Chinyungwe ndinachimva pa nthawi imeneyo.

Ndinaganiza zothothola zonse n'kuponya kuchipinda, koma anali atafika kale pakhonde akuodira. Ndinatsegula. Analowa, ndipo phokoso lonse la panjira linathera pachitseko. Anthu anayang'ana mazenera, n'kudziyang'ana. Anayang'ana jeleira, n'kuyang'ana duku la apongozi.

Woyamba kupeza mawu anali Fina, monga mwa masiku onse.

"Mlamu! Ife timati tikubwera, chonsecho tinafika kale!" Anagwira kortina n'kuiyandikiza pa diresi lake. "Amayi, taonani, akupachikani pazenera!"

Amalume, amene miyendo imawavuta, anangopita kukakhala pa sofa. Atatsamira anasowa. Kunatsala mutu ndi nsapato. Fina anayamba kufunsa ana kuti amalume apita kuti, ndipo anawo anagubuduka pansi ndi kuseka.

Apongozi sanaseke. Anali chiimire pakhomo, akuyang'ana kumapazi kwawo. Anali ataponda chopondera changa chija. Ananyamula phazi pang'onopang'ono ngati aponda mwana, n'kuliika pambali.

"Amake Dulce, mwavala chiyani?"

"Diresi, amayi."

"Nanga farida?"

"Munati ndiveke nyumba, amayi."

"Nyumba ndi ndani?"

Ndinayang'ana makoma.

"Ndikufunsa. Nyumba ndi makoma? Makomawa ndinawabereka ine? Jeleirayi ndi mdzukulu wanga?"

Zito anasankha nthawi imeneyo kuti alowe, thumba la madzi oundana lili paphewa, likudontha. Anayang'ana abale ake, anayang'ana sofa imene wakhala akugonapo masiku onsewa, ndipo ndinaona nzeru zikumufika mochedwa ngati chapa ya Lamulungu.

"Malaya anga ali kuti?" anafunsa motsitsa.

Fina analoza pameza. "Ali pansi pa mpunga, achimwene."

Apongozi anakana kukhala pa mtsamiro. Anati iwo sangakhalire nsalu ya banja, ndiye ndinawabweretsera mpando wapulasitiki. Atakhala ananena, osakweza mawu, akuyang'ana kutsogolo: "Ndinanena kwa aliyense. Wopanda farida salowa pachithunzi. Sindikufuna chithunzi cha mawangamawanga."

Ndinatulukira kuseri ngati ndikukaona mbaula. Ndinaima pamenepo nditagwira poto wa mbuzi ndi tizigamba tiwiri ta nkhanga, thukuta likulowa m'maso, mtima uli phuuu. Ndinkakwiyira Zito, Alufayati, Fina, Chinyungwe, ndi nkhanga zonse za padziko. M'katimo ndinamva Fina akufunsa kuti telefoni ya ndani ili ndi moto wokwanira, poti wojambula alipo kale. Kachiwiri! Nditaphika kuyambira m'mamawa, m'nyumba mwanga, mwana wanga ali pomwepo!

Ndinatula poto. Ndinalowa, n'kukoka mpando, n'kukwera pamaso pa anthu onse, amalume ali pomwepo, n'kumasula waya wa kortina ya zenera lalikulu. Fumbi linagwera mu saladi. Sindinapepese. Ndinavula televizawo, ndinasolola mtsamiro umodzi kumsana kwa amalume, ndinasuntha mbale zonse n'kukoka nsalu ya pameza, kenako ndinakoka Zito pamkono mpaka kuchipinda.

Kortina ndinaimanga m'chiuno pamwamba pa diresi. Chofunda cha televizawo chinakhala duku. Chovala cha mtsamiro ndinachiboola ndi sizasi malo a mutu ndi a manja, n'kumulowetsamo Dulce. (Ndikuuzeni amayi anzanga, pa zovala zonse za mwanayu palibe chinandithandiza ngati chimenecho. Zipi ili pansi, thewera umasintha osamuvula.) Zito anayamba zoti iye ndi bambo, sangatuluke atavala nsalu ya pameza yokhala ndi dontho la msuzi.

"Kwathu ku Angónia amuna enieni amamanga nsalu paphewa," ndinatero, ndikumanga mfundo. "Ndipo mukanenanso mawu amodzi, muvala cha jeleira."

Sanayambe wandimvapo ndikulankhula choncho. Anaima chilili ngati mwana womuveka za ubatizo.

Tinatuluka. Ndinagwada patsogolo pa mpando wapulasitiki uja, Dulce ali m'manja ngati mtsamiro womera miyendo.

"Amayi, makoma avula. Yavala ndi nyumba."

Fina anatsegula pakamwa, koma amayi ake anamuyang'ana kamodzi, n'kutseka. Apongozi anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira pa duku limene linali ndi kabowo ka chingwe cha magetsi pamwamba pa khutu, mpaka pa mpendero wolowetsamo waya umene unkakwekwereka pansi. Anaimirira. Ndinati basi, akupita kwawo.

"Dzukani," anatero. Anamasula kortina ija m'chiuno mwanga, n'kuitembenuza kuti mbali imene dzuwa linayamba kuidya ilowe m'kati, n'kuimanganso mwamphamvu mpaka mpweya unandithawa. "Ngakhale kumanga simudziwa. Imani apa. Ayi, apa, pafupi ndi ine, ndizikuonani. Fina, kaitane a nyumba yoyandikanayo adzatijambule."

Anatijambulira m'nyumba, poti panja dzuwa likanatiphulitsa, ndipo malo okhawo okwana tonse anali patsogolo pa kortina yotsala ija. Chithunzi chimene chinatuluka ndi mitu yokhayokha, ngati mavwende pa mulu wa masamba. Palibe angadziwe pamene pathera amalume ndi pamene payambira zenera. Masana onse dzuwa linalowa pazenera lovula lija n'kutiwotcha tikudya, ndipo Fina sanasiye kufunsa ngati angabwereke siketi yanga kuti atchinge.

Chithunzicho chili pakhoma ku Canongola. Mutu wachiwiri kuchokera pakati, wa duku lopindika, ndi wanga. Mlendo aliyense akafika apongozi amamuimika pamenepo n'kumufotokozera nkhani yonse, ndipo imakula ulendo uliwonse. Panopa akuti ndinaveka ndi chimbudzi chomwe. Ine ndimakhala pomwepo ndikuthira tiyi, osatsutsa.

Phunziro n'lakuti munthu azifunsa. Ndalimva ndithu, ndipo ndimauza ena. Sabata yatha apongozi anaimba, nati, "Amake Dulce, Natale ino inu mudzatiphikire mutu." Ndinayankha kuti chabwino amayi, zikomo, n'kudikira kuti adule. Zito akuti ndi wa mbuzi. Fina akuti ndi wa nkhumba, koma anayankha akuseka, ndiye sindikumukhulupirira. Ine ndayamba ndagula mutu wa kabichi.