Mazenera Amene Ndinagula ndi Mbuzi

Pali nkhani imene abale anga amakonda kuikamba pamaliro, anthu akatopa ndi kulira. Ikangoyamba ine ndimanyamuka, ndimati ndikukaona ngati nkhuni zilipo zokwanira. Lero ndaganiza zoikamba ndekha, chifukwa iwo amaithira mchere wambiri, ndipo amangodziwa mbali yoseketsa yokha.

Nthawi imeneyo ndinali mnyamata wa ndevu zongomera kumene. Mayeso a Sitandade 8 ndinalemba kawiri, ndipo kawiri konseko dzina langa silinatuluke. Ndiye ndinkakhala kwa atsibweni, kufupi ndi boma la Ntchisi, ntchito yanga kusoka fodya ndi kudzudzulidwa. Anali masiku aja munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani m'thumba. Langa ndinali nalo, ndipo kumsika ndinkapita pafupifupi tsiku lililonse ngakhale ndinalibe choti ndigule. (Atsibweni ankadabwa kuti mchere ukutha bwanji msanga chotere pakhomo pawo. Ndinkaubisa ndine, kuti azindituma.)

Chifukwa chake chinali zenera limodzi. Njira ya kumsika inkadutsa pafupi ndi nyumba ya ahedi a pasukulu yathu ya pulayimale, ndipo pazenera loyang'ana kumsewu pankakhala mwana wawo, Esnati, akusoka pa makina. Zeneralo linkakhala lotseka chifukwa cha fumbi la malole a fodya, choncho ine Esnati ndinkamudziwira pagalasi basi. Ndinkadziwa duku lake la buluu, ndinkadziwa mmene ankadulira ulusi ndi mano, koma mawu ake ndinali ndisanawamvepo. Ndikafika pamenepo nsapato yanga inkamasuka yokha chingwe. Ndinkamufuna mtsikana ameneyu mpaka pamtima pankandiwawa, ndipo ndinalibe njira. Ahedi ndi omwe aja anandiona ndikulephera kawiri. Munthu ngati ine kulowa pabwalo pawo, akandifunsa kuti wadzatani, ndikanayankha chiyani?

Panali munthu mmodzi yekha amene ankalowa pabwalo limenelo osafunsidwa, a Lufeyo. Anali mkulu wamfupi amene anakhalitsa ku Halale, n'kubwerako ndi sutikesi, chifuwa chosatha, ndi ntchito imene kwathu kunalibe wina ankaidziwa: kupukuta mazenera. Nyumba za magalasi zinali zowerengeka. Panali za makalaliki a paboma, ya abusa, masitolo awiri, ndi ya ahedi. A Lufeyo ankazizungulira zonsezi ndi makwerero paphewa, ndipo Loweruka lililonse ankaima kutsogolo kwa zenera la Esnati, mphuno yawo pafupi ndi galasi. Ndinkawachitira nsanje nkhalamba imeneyi, ndisaname.

Tsiku lina ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo akusisita mawondo. Anandiuza kuti miyendo yawakana, akupita kukakhala kwa mwana wawo ku Madisi, ndipo akufuna womusiyira ntchito. Makwerero, ndowa, ndi nyumba zonse, eni ake akawauza okha kuti tsopano kuzibwera uje. Nditafunsa mtengo anati mbuzi imodzi.

Mbuzi ndinali nayo imodzi yokhayo. Anandipatsa mayi ili kamwana, ndipo nthawi imeneyi inali ndi bere. Nditawauza atsibweni anasiya kusoka fodya n'kundiyang'ana.

"Mphwanga, makwerero okhawo ndi a mbuzi ziwiri. Munthu akamagulitsa chinthu motchipa chotero, umayamba wafunsa chimene chikumuthamangitsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Ndinaganizadi, masiku atatu athunthu. Panali mphekesera yoti eni masitolo aja asamukira kutauni. Ndinamvanso kuti m'nyumba zina a Lufeyo ankalipidwa tiyi ndi malaya akale. Mvula ikayamba, ndani angafune kupukutitsa zenera? Zonsezi ndinaziika mbali imodzi, zinali zolemera ndithu. Mbali inayo ndinaikako duku la buluu, ndipo sikelo inapendekera komweko. Tsiku lachinayi m'mawa ndinamanga mbuzi chingwe, atsibweni ali kudimba.

A Lufeyo sanali munthu wachinyengo, izi ndiyenera kunena. Anandipempha kuti ndiyende nawo milungu iwiri kuti ndione mmene amachitira. Ndinakana. Sindinafune kuti Esnati andione koyamba ndili kumbuyo kwa nkhalamba, nditanyamula ndowa ngati wophunzira. Komanso kupukuta zenera n'chiyani kwa munthu amene anafika Sitandade 8 kawiri? Mkuluyo anangopukusa mutu, n'kundipatsa kachikopa kofewa, kakuda ndi ukalamba, ndi kabotolo ka sipiliti. Anati zimenezi ndisazitaye. Sindinazitaye ayi. Kachikopako ndinakadula n'kukonzera pampu ya njinga ya atsibweni kuti mtima wawo utsike, sipiliti ndinawapatsanso kuti aziyatsira nyali yawo yopopa.

Lolemba ndinayamba ndi nyumba ya kalaliki wina. Ndinatenga sopo ndi kansanza, ndinapaka, ndinatsukuluza. Litauma, galasilo linali mizeremizere. Mayi a pakhomopo anaima manja m'chiuno n'kundiuza kuti a Lufeyo akachoka, mbalame zinkadziwomba pagalasi poyesa kuti palibe kanthu, koma ine ndangosuntha fumbi kulichotsa kumanzere kulipititsa kumanja. Nyumba zina ziwiri zinandiuza zofanana, mawu okha ndi amene ankasiyana.

Apa munthu wanzeru akanapita kwa a Lufeyo, chifukwa anali asananyamuke. Ine ndinakhala pachulu n'kuyamba kuganiza ndekha. Kumudzi kwa mayi kunalibe nyumba ya galasi, mazenera athu anali timabowo totseka ndi chiguduli. Chinthu chowala chimene ndinakula ndikuchiona chinali mapoto a mayi. Ndipo mayi ankawalitsa bwanji mapoto? Ankapita nawo kumtsinje, n'kuwakwecha ndi mchenga ndi phulusa mpaka munthu kumadziona nkhope. Ndinadzimenya pachifuwa. Ndinati chinsinsi cha ku Halale ndachitulukira, ndipo sindichiwononga pa makalaliki, ndichisungira Esnati.

Lachisanu ndinatsikira kumtsinje kukatapa mchenga. Ndinausefa ndi sefa ya ufa ya pakhomo (mpaka lero eni ake sadziwa), ndinausakaniza ndi phulusa, ndinasankha zitsononkho zitatu zolimba bwino. Malaya ndinawasita ndi makala.

Loweruka kunacha ndi chifunga, ndi kuzizira kuja kwa mwezi wa Juni. Ahedi anali atapita kumsonkhano. Mayi ake a Esnati anandilandira bwino, anati a Lufeyo anawauza za ine. Ndinapita molunjika pazenera lija. Silinkafuna makwerero n'komwe, koma ndinawaimika pambali kuti aziwoneka. Esnati anali m'katimo, pafupi kwambiri moti ndinaona kachipsera kakang'ono pachibwano pake kamene kumsewu sikankaoneka. Ndinanyowetsa galasi, ndinatapa mchenga, ndinayamba kukwecha ndi mtima wanga wonse.

Makina anasiya kulira. Esnati anatsegula zenera pang'ono.

"Achimwene, a Lufeyo sankachita phokoso chotere."

"Iyi ndi njira yatsopano, chemwali."

Amenewo ndiwo anali mawu athu oyamba. Nditathira madzi, galasi linawala ngati mmene ndinkafunira, ndipo iye anamwetulira n'kutseka. Galasi lonyowa limabisa zambiri, izi ndinazidziwa pambuyo pake. Ndinazungulira nyumba yonse, mazenera asanu ndi limodzi, lililonse ndikulikwecha mosaumira. Ndikamadutsa pa la Esnati ndinkalithiranso madzi, kuti ndipeze chifukwa choimirapo.

Dzuwa litayamba kuboola chifunga, mayi aja anatuma Esnati kuti andipatse thobwa. Ndinakhala pakhonde la ahedi, ine, ndikumwa thobwa m'kapu ya alendo. Mayiwo atakondwa ndi khama langa analowa m'nyumba n'kutuluka atanyamula chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, chija chinkapachikidwa pamwamba pa zithunzi zonse pabalaza. Anati ntchentche zaipitsa galasi lake, ndingolipukutako pang'ono. Achinyamata a lero sangamvetse. Masiku amenewo chithunzi chimenecho sunkachiloza ndi chala, sunkachiika pansi chadodolido, ndipo munthu wochiwononga ankatha kutengedwa osadziwika kumene wapita. Ine ndinachilandira ndi manja awiri, ndinachitsamiritsa pampando mwaulemu, ndinanyowetsa chitsononkho, n'kuchiviika mumchenga.

Dzanja langa linali m'mwamba pamene wina analigwira. Anali Esnati. Anali atalowa kuchipinda chake chosokera, n'kutulukamo akuthamanga.

"Musakhudze," anatero chapansipansi. "Siyani pansi. Tiyeni mukaone."

Sanandisiye. Anandikoka atandigwira pamkono choncho kuchoka pakhonde mpaka pazenera la kumsewu lija, mwina mapazi khumi. Dzanja lake linali lofunda, ndipo chala chimodzi chinali chokhakhala chifukwa cha singano. Ndikanakonda nyumbayo ikanakhala yaitali ngati sitolo.

Zenera lake linali litauma. Linali loyera mbuu, ngati diso la ng'ala. Makina sankaoneka, mpando sunkaoneka. Tili chiimire, enawo anali kuuma limodzi ndi limodzi, dzuwa likamafika.

Ahedi anafika pa njinga nthawi yomweyo, ngati anachita kuitanidwa. Chithunzi chija chinali chitabwerera kale pakhoma, ndipo palibe anachitchulanso tsiku limenelo kapena lina lililonse. Ahediwo anavala magalasi awo a m'maso, anazungulira nyumba pang'onopang'ono, anakanda zenera limodzi ndi chikhadabo, anasuzumira m'ndowa yanga. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Mwambi uja wakuti safunsa anadya phula," anatero, "ndinakuphunzitsa ndine mu Sitandade 4. Unkaganiza kuti tikunena za njuchi?"

Anagamula kuti makwerero ndi ndowa zitsale pomwepo, ndipo atsibweni abwere Lolemba adzakambirane za magalasi. Ndinatuluka chimanjamanja, malaya ositawo ali phulusa lokhalokha. Mayi ake a Esnati, poti anali munthu wa mwambo ngakhale pa tsoka, anauza Esnati kuti aperekeze mlendo. Tinayenda mpaka pampanda. Ndinkayembekeza kuti andiseka, ndipo ndinali nditakonzeka. Iye anayang'ana zenera lake, kenako anayang'ana pansi.

"Nanga tsopano ndizikuonani bwanji mukamapita kumsika?"

Anabwerera asanamve yankho. Miyezi yonse ija sindinaganizepo kuti galasi limaonetsa mbali zonse ziwiri.

Lamulungu nkhani inali itafika kutchalitchi ine ndisanafike. Lolemba panalibe nyumba imene inkafuna kundiona ndi ndowa, ndipo ntchito ya a Lufeyo, imene anaisunga zaka zonse zija, inafera m'manja mwanga m'sabata imodzi. Atsibweni analipira magalasi ndi fodya wawo, ine ndinalipira atsibweni ndi msana wanga dzinja lonse. Sananene kuti ndinakuuza. Anangodikira tsiku lina tikudya, n'kutchula kuti amva kuti mbuzi ija yaswa ku Madisi, ana awiri, onse aakazi.

Magalasi atsopano atabwera kuchokera ku Lilongwe, ahedi anaika asanu. La kumsewu analisiya momwemo. Anauza atsibweni kuti limenelo ndinawakonzera bwino, chifukwa chiyambire tsiku lija anyamata asiya kumasukirana nsapato kutsogolo kwa nyumba yawo. (Ndiye kuti sindinali ndekha. Izinso zinandiwawa.)

Ndinapitirizabe kudutsa. Ndinkamva makina akulira, ndinkaona kamthunzi ka buluu kakuyenda kuseri kwa galasi loyeralo, basi. Kangapo konse ndinaima n'kutsokomola, koma makina osokera ali ndi phokoso. Pabwalo sindikanalowanso, ndipo kalata ndinalemba zitatu zimene sindinatumize. Chaka chotsatira Esnati anakwatiwa ndi mlangizi wa zaulimi, anapita naye cha ku Bowe. Ukwati wake ndinaumvera kumunda.

Adzukulu anga ndimawauza kuti azifunsa, ndipo ndimanena ndi nkhope yolimba. N'zoona, ndikanayenda ndi a Lufeyo milungu iwiri ija, bwenzi nditadziwa ntchito ya kachikopa, ahedi akanakhala ndi magalasi awo, atsibweni ndi fodya wawo. Koma ndikakhala ndekha n'kumaganiza bwino, ndimaona kuti bwenzi ndikupukuta zenera limenelo Loweruka lililonse, mwaluso, mwakachetechete, iye m'kati ine kunja, mpaka tsiku limene mlangizi anabwera. Mwina sakanatsegula n'komwe. Ndakalamba tsopano, ndagulapo mbuzi zambiri ndi kugulitsa zambiri, ndipo zina ndinalira nazo mtengo. Ija yokha sindinaidandaulepo. Mapazi khumi atandigwira pamkono, a Lufeyo anandigulitsa motchipadi.