Bulochi wa Anti Asiyatu ndi mphuno yanga

Nsidze yanga ya kumanzere inamera bwinobwino, alhamdulillah. Chimene sichinamerenso ndi ulemu umene Anti Asiyatu ankandipatsa.

Inali nthawi ya korona, kuno kudziko la eni komwe tinabwera kudzagwira ntchito, lamulo litangosintha kumene kuti munthu angathe kusintha ntchito osapempha kalata kwa bwana. Ine ndinali nditapeza ntchito yatsopano pa hotela ina, yoti ndikayambe Lamulungu. Ndinkakhala kudera la Old Airport, chipinda chimodzi ndi Anti Asiyatu, mayi wa ku Mangochi amene anagwira ntchito ya m'nyumba kudera la Al Messila zaka zambiri. Madamu awo pobwerera kwawo anawasiyira kachitini ka mabisiketi kodzaza mabulochi akale, timapini tokongola tija togwirira mpango.

Ntchito itatha chonchi, Anti anafuna kuwagulitsa kuti apezepo tikiti ya ndege yobwerera kumudzi. Wamalonda wina anawauza pa foni kuti ngati achikasuwo ali a kaharamani, utomoni wa mtengo umene unauma kalekale n'kusanduka mwala, agula bwino. Ngati ali a pulasitiki, khalasi, nkhani yathera pomwepo.

"Ndiye tidziwa bwanji, mwanawe?" anandifunsa.

"Musadandaule, Anti. Zimenezi ndimazidziwa."

(Ndinali nditaonera kavidiyo kamodzi pa foni, data n'kuthera pakati.)

Zimene ndinagwirapo n'zakuti kaharamani akatenthedwa amanunkhira ngati utomoni wa paini, pulasitiki amanunkha ngati tayala. Ndinasankha bulochi wamkulu kuposa onse, wooneka ngati duwa. Ndinamukhula pa chitenje mpaka atafunda, n'kununkhiza. Palibe. Ndinamuviika m'madzi otentha, n'kununkhizanso. Palibe.

"Akuti chiyani?" anatero Anti.

"Akadaganiza. Zinthu zakale sizithamanga."

Anapukusa mutu, ananyamula beseni, nakwera pamwamba pa nyumba kukayanika zovala. Nditatsala ndekha ndinayatsa kandulo, ndinatenthetsa singano mpaka kufiira, n'kubaya kumbuyo kwa bulochi. Kautsi kanatuluka, koma fungo ayi. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinati singanoyo ndi yaing'ono, ndinayandikiza bulochi yense kumoto, mphuno yanga ili pomwepo kudikira yankho.

Anayaka ngati wathiridwa petulo. Ndinamuponya, anagwera pa pilo wa Anti, ndipo ine ndinakhuthulirapo tiyi yense wa mufulasiki.

Anti analowa akutsokomola. "Chapsa n'chiyani? Fungo lafika mpaka pa masitepe."

"Fungo lake liti, Anti?"

Anayang'ana pilo, anayang'ana nsidze yanga yopserera, kenako anandiyang'anitsitsa m'maso. Anatsekula kabotolo ka mankhwala opaka pachifuwa aja amaliritsa ndi ng'ombe yomwe, n'kundiika pamphuno.

"Ukumva?"

"Iyayi."

Anabwerera chambuyo pang'onopang'ono mpaka pakhomo, navala masiki awiri.

Mawa lake anandiyeza, anandipeza nayo korona. Kachizindikiro ka korona ka pa foni yanga kanafiira, ka Anti kanasanduka kachikasu, ndipo tonse anatitsekera kwa masiku angapo, aliyense malo ake. Ndinaimbira a ku hotela kuwauza za matendawo. Anati ndibwere ndikachira, inshallah, ndipo ine masiku onsewo ndinkagona ndikudzifunsa kuti inshallah ameneyo ndi wa eya kapena wa ayi. (Anali wa eya. Ndinayamba ntchito nsidze imodzi ili yojambula ndi pensulo.)

Titatuluka tinapita limodzi kwa wamalonda uja, chitini chili m'manja mwa Anti, ine ndikutsatira pambuyo ngati mbuzi yokagulitsidwa. Bamboyo anawalitsa katochi kofiirira pa mabulochi aja, sanachedwenso. Anati palibe wa kaharamani ndi mmodzi yemwe, koma ndi pulasitiki wakalekale amene sapangidwanso, ndipo alipo anthu amene amamusaka. Anatichenjezanso kuti tisadzayerekeze kuwayandikiza kumoto. Ine ndinagwedeza mutu ngati ndikumva nkhani ya anthu ena.

Kenako anasanja timaluwa ting'onoting'ono pa tebulo. "Awa amabwera ndi duwa lalikulu. Likanakhalapo, mtengo ukanakwera kwambiri. Lili kuti?"

Anti sanandiyang'ane n'komwe.

"Linamwalira ndi korona," anatero.

Tikiti inapezeka, ngakhale ndinachita kuonjezerapo malipiro anga oyamba, ndi pilo watsopano pamwamba. Masiku ano munthu akandifunsa ngati chinthu chili chenicheni, ndimati apite kwa odziwa. Ndimangomuuzako pang'ono maganizo anga kaye.